Mbuzi Yopanda Lisiti

Minibasi inanditsitsa pa Mtakataka mdima utagwa kale. Malo achilendo. Magetsi kunalibe. M'timagolosale munkayaka makandulo. Mpweya unali ngati wochokera mu uvuni wa njerwa.

"Kwa mtsikana wa mango uja?" anafunsa wa kabaza, ine ndisanatsegule pakamwa. "Kwerani. Akhala akukudikirani kuyambira masana."

Ndinakwera. Fumbi, mchenga, milaza uku ndi uku.

Dzina langa ndi Jabulani. Kwathu ndi ku Chilomoni, koma ndimangopitako kukachapa zovala. Ntchito yanga ndi ya pamsewu. Bungwe lathu limalipirira fizi ophunzira a m'makoleji. Pa tchuthi chachikulu limawapatsanso ndalama yoti akachite kanthu kothandiza kumudzi. Iwo amapita. Ine ndimawalondola, kukaona ngati kanthuko kachitikadi. Sindidandaula. Kukhala pamodzimodzi kumandiyabwa.

Amene ndinadzera anali Veronika, wa ku koleji ya zaulimi. Chinamutsalira chaka chimodzi. Iye anaona kuti kuno mango amaolera pansi chaka ndi chaka, mpaka nkhumba kutopa nawo. Anapempha ndalama yomangira shedi youmitsiramo mango, kuti kalabu ya alimi izigulitsa nyengo yake itatha. Ndalamayo anapatsidwa.

Vuto linali limodzi. Pa lipoti lake panali ndalama ya "ntchito yomanga" yopanda lisiti. Zikwi zana limodzi ndi makumi anayi. Bwana wanga, Madamu Catherine, anazunguliza pamenepo ndi cholembera chofiira. Lamulo lathu ndi lalifupi. Ndalama yosaoneka bwino imabwezedwa. Wosabweza, fizi yake imaima. Ndipo koleji inali kutsegulidwa pakatha masabata awiri.

Kabaza inaima pansi pa mtengo wa mango. Panali kanyale ka sola kopachika panthambi. Pansi pake anthu, mwina makumi atatu. Amayi pamphasa, abambo pa mabenchi obwereka kutchalitchi. Onse anaimirira.

Bambo wina wa jekete, m'kutentha konseko, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndine Fabiano, wapampando wa kalabu. Mwatipeza, bwana. Tinayamba kuganiza kuti galimoto yakugwetsani."

Kenako mayi wamfupi, wa mawu aakulu. A Nambewe. Veronika ankagona kwawo.

"Ndi ameneyu?" anatero a Nambewe, akundiyang'ana kuyambira kunsapato. "Ndimayesa abwera wamimba."

Anthu anaseka. Veronika sanaseke. Anali wowonda, wovala chitenje pamwamba pa jinzi.

"Tiyeni mukaone kaye, achimwene," anatero.

Tinapita awiri, ndi tochi ya foni. Shediyo inali kuseri kwa dimba. Zipupa za njerwa zofika m'chiuno. Pamwamba waya wa sefa. Denga theka malata, theka pulasitiki yolimba. M'kati mathandala a nsungwi, osanjikizana, osalala bwino. Ndinagwedeza mzati. Sunasunthe.

Ndayendera ophunzira ambiri. Sabata yomweyo wina anandionetsa khola la nkhuku lopanda nkhuku. Anati zinafa ndi chitopa. Nthenga sindinaione ngakhale imodzi. Koma malisiti ake anali athunthu, a chidindo chilichonse. Ameneyo anadutsa.

"Anamanga ndani?" ndinafunsa.

"Anthu omwe mwawaona aja."

"Kontilakitala?"

"Ndinapita ku Salima. Makoteshoni atatu ndinawapeza, monga mumafunira. Wotchipa ankafuna pafupifupi ndalama yonse. Ndikanamupatsa, malata ndi pulasitiki ndikanagula ndi chiyani?"

"Ndiye?"

"Ndiye a Fabiano anati, mwanawe, kuno timaitana dima."

Dima ndinkangolimva. Ku Chilomoni munthu sakunyamulira thumba kwaulere. Veronika anandifotokozera mwachidule. Umaphika, umakonza thobwa, umapha kanyama. Anthu amabwera ndi makasu awo. Amagwira ntchito, amadya, amapita. Palibe wolipidwa. Mawa ukamva kuti dima lili kwa mnzako, umapitanso.

"Ndiye ndalama ija munagula chiyani?"

"Mbuzi. Mpunga. Chimanga ndi mawere a thobwa. Shuga, mafuta, mchere."

Kusowa kwa lisiti ndi matenda ochizika. Koma pali lamulo lina, lolembedwa ndi zilembo zakuda bii. Ndalama ya bungwe siyogulira chakudya, chakumwa kapena mphatso. Silinagwe kumwamba lamuloli. Chaka china anyamata awiri anamwera ndalama yonse ya pulojekiti, n'kulemba kuti anali kudyetsa alimi. Kuyambira pamenepo, mawu oti chakudya ku ofesi kwathu ali ngati mwano.

"Lamulo la chakudya munaliwerenga?"

"Ndinaliwerenga. Ndinaganiza kuti akunena chakudya changa."

"Lisiti la mbuzi?"

"Ndinagula kwa agogo ena kutsidya kwa dambo. Chidindo achitenga kuti?"

Ndinatsitsa mawu. "Pa Golomoti palibe wogulitsa malisiti?"

"Alipo. Anzanga anandiuza. Umamupatsa ya sopo, amakulembera chilichonse. Ngakhale ndege."

"Nanga bwanji?"

Anakweza mapewa. "Ndinkaganiza kuti mukaona shediyi mukhala chete."

Ndinayang'ana nthawi. Madamu anali atandiuza kuti aimba madzulo omwewo. Lipoti lopita kwa eni ndalama akunja linkatumizidwa mawa lake. Ankafuna kumva okha kuchokera kwa alimi, foni ili pa laudi kuti onse amve. Ndinali ndi mphindi zochepa.

Kampata kanalipo. Malamulo amalola kulipira aganyu a m'mudzi, bola aliyense asayine kuti walandira. Ndalama ya mbuzi ikanasanduka ya ganyu. Mayina makumi atatu, zala makumi atatu. Basi.

Tinabwerera pansi pa mtengo. Ndinaima pakati.

"Makolo anga, tamverani. Bwana wathu aimba posachedwa. Akakufunsani, munene kuti munagwira ganyu. Veronika anakulipirani ndalama m'manja. Za mbuzi, za thobwa, musatchule. Ngakhale pang'ono."



"Ganyu?" anatero a Nambewe. "Ife?"

"Ndi mawu chabe, mayi."

"Munthu amachita ganyu m'munda mwake? Shediyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu."

"Ndiye tinene kuti mwanayu anatigwiritsa ntchito dzuwa lonse lija osatipatsa ngakhale madzi? Akamva akwawo adzati anakulira kuti?"

Kumbuyo bambo wina anang'ung'udza. Ndinamva mawu oti "akufuna amupachike." Sindinawalabadire. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa. Mphekesera inali itafika kale m'mudzimo, yoti ku ofesi akuti Veronika waba ndalama. Ndiye taonani mmene zinaonekera kwa iwo. Kwabwera munthu wa m'tauni usiku. Akuwauza kuti abise chinthu chokhacho chimene anachiona ndi maso awo ndalamayo ikugula.

"A wapampando," ndinatero, "mwandimva?"

A Fabiano anawomba m'manja mofatsa. "Tamva, bwana."

Ndinapuma. Kwathu munthu akati wamva, ndiye kuti wavomera.

Foni inalira. Ndinaika pa laudi, n'kuikweza m'mwamba pamene netiweki inkagwira.

Malonje anatenga nthawi. A Fabiano anafunsa za moyo wa Madamu, wa ana, wa ku Lilongwe konse. Madamu anayankha mwaulemu. Ndi munthu waulemu. Kenako anafika pa nkhani.

"Bambo, ndamva kuti shedi munamanga nokha. Aliyense analandira zingati?"

A Fabiano anakonza jekete. Anayandikira foni ngati akulankhula m'khutu mwa munthu wogontha.

"Madamu, tisanamizane. Ndife anthu opemphera. Sitinalandire ngakhale tambala."

Ndinawaponda phazi. Anasuntha phazilo, n'kupitiriza.

"Tamva kuti kumeneko mukuti mwanayu waba. Sanabe. Ndalama yanu tinaiona. Inalowa m'mimba mwathu, ndipo mboni ndife tili pano."

"M'mimba?" anatero Madamu.

A Nambewe anandilanda dzanja, foni ndi dzanja lomwe, n'kulikokera pakamwa pawo.

"Madamu, ndine Nambewe, ndinaphika ndine. Mbuzi inali yonona, yamphongo, osati timbuzi ta pamsika. Mpunga wa kuno konkuno. Thobwa migolo iwiri. Anadya omanga, anadya otunga madzi. Ngakhale odutsa m'njira tinawaitana. Palibe anapita kwawo akudandaula."

"Palibe," anavomereza anthu.

"Mwana ameneyu ngoleredwa. Iye anadya pomalizira, chiwindi sanachione n'komwe."

Kumbuyo kuja bambo wong'ung'udza uja anakuwa: "Muwauzenso za mgolo wachiwiri uja. Unagonera masiku, n'kusasa. Madala tinabwerera kunyumba tikuimba."

Chiseko. Mayi wina analuluta. Veronika anali ataima kunja kwa kuwala kwa nyale, manja ali kumbuyo.

"Zikomo kwambiri, makolo," anatero Madamu. "Jabulani, chotsa pa laudi."

Ndinachotsa. Ndinapita chapatali, ku dimba.

"Wamva wekha," anatero.

"Madamu, shedi ilipo. Ndaigwira ndi manja. Chaka chino palibe wophunzira wamanga chinthu chotere."

"Sindikukana."

"Kontilakitala akanadya katatu kuposa pamenepa."

"Akanatipatsa invoisi."

"Ndiye tikumulanga chifukwa chotchipitsa?"

"Jabu, odita sabwera kudzagwedeza mizati. Adzafunsa kuti ndalama iyi inagula chiyani. Ndidzati mbuzi? Ndi mowa?"

"Linali thobwa."

"Wawamva madala aja. Ndipo foniyi ndimajambula, ukudziwa. Zili kale mu faelo."

"Mwezi watha tinali ku loji masiku atatu. Tonse a mu ofesi. Chambo m'mawa, chambo madzulo. Tinkakambirana za umphawi wa kumudzi. Ndalama ija sinali ya chakudya?"

"Ija inali pa bajeti ya msonkhano."

"Iyinso inali ya msonkhano. Kungoti pamapeto pake panatuluka shedi."

Ndinamva supuni ikugunda kapu.

"Samala kalankhulidwe, Jabu. Eni ndalama akapeza chinthu chimodzi chotere, amatseka zonse. Ndili ndi ana makumi asanu ndi limodzi pa fizi. Sindingawaike pa moto chifukwa cha mmodzi. Abweze koleji isanatsegulidwe. Akabweza, nkhani yatha, sindilemba kanthu pa dzina lake. Ndi zokhazo ndingathe."

Anadula.

Ndinaima m'dimbamo. Udzudzu unandipeza. Ndinatukwana, osadziwa kuti ndikutukwana yani.

Pansi pa mtengo kunali chisangalalo. A Fabiano ankagwirana chanza ndi abambo anzawo. A Nambewe anandiona ndikubwera.

"Bwanji, a bwana? Tamuyeretsa mwana wathu?"

Ndinayang'ana Veronika. Anapukusa mutu pang'ono, kundiletsa. Sindinamumvere. Ndinali nditakwiya kwambiri moti sindikanatha kumwetulira.

"Akuti abweze ndalama yonse ya dima. Akapanda kubweza, sukulu yathera pompa."

Chisangalalo chinazima.

"Abweze kwa yani?" anafunsa a Fabiano. "Poti tanena kuti sanabe."

"Sakuti anaba. Akuti anagula chakudya. Malamulo amaletsa."

"Amaletsa kudyetsa munthu amene akukugwirira ntchito?"

"Ee."

"Koma kumulipira amalola."

"Ee."

"Ndipo iye akalandira, n'kukagula mbuzi yomweyo?"

"Zimenezo ndi zake."

A Fabiano anavula jekete. Analipinda, n'kuliika pabenchi.

"Ndiye mumafuna tiname."

"Ndinakuuzani."

"Munatiuza zoti tinene. Simunatiuze chifukwa chake."

Zinali zoona. Ndinawalamula ngati ana a sukulu, poti nthawi inali yochepa.

A Nambewe anakhala pansi, miyendo tambalale. Mawu aakulu aja anachepa. "Ndiye ndamuphera ndine sukulu, ndi pakamwa pangapa."

"Ayi, amayi," anatero Veronika. Anagwada pafupi nawo. "Mwanena zimene zinachitika."

Anayamba kukambirana zosonkha. Ndinamvetsera. Unali mwezi wa Okutobala. Chimanga chinali chitayamba kutha m'nkhokwe. Aliyense maso anali pa feteleza. Wina analonjeza nkhuku. Wina anati adikire agulitse mphasa. Ndinawerengera mumtima. Sizikanafika ngakhale kotala.

"Tizule malata," anatero a Fabiano. "Ndi atsopano. Pa Golomoti agula mawa lomwe. Tifolera ndi udzu."

"Ayi." Veronika anaimirira. Aka kanali koyamba kumumva akukweza mawu. "Mango akupsa mwezi wamawa. Udzu ukadontha, zonse ziola. Ndiye ndidzakhala nditabweza ndalama, shedi palibe, tchuthi chonse chapita pachabe. Lata ngakhale limodzi lisachoke."

"Nanga sukulu, mwanawe?"

"Ndiona."

Anthu anabalalika pang'onopang'ono, osatsanzikana bwino. A Nambewe anali atandiphera nkhuku masana. Anaibweretsa ndi mpunga, n'kuiika patsogolo panga osalankhula. Ndinali ndi njala ya tsiku lonse. Ndinadya. Veronika anakhala pakhonde pomwepo, akuyang'ana mumdima.

"Kunyumba angathandize?" ndinafunsa.

"Mayi anga amagulitsa makala ku Kawale. Muwerengere nokha."

Ndinatulutsa envelopu m'thumba la malaya. Ndinaiika pamphasa.

"Ndi chiyani?"

"Alawansi yanga ya usiku uno. Yogonera ndi yodyera. Ndigona pano, ndadya pano. Ndi zikwi makumi asanu ndi limodzi."

Anaiyang'ana, osaigwira.

"Usiku umodzi?"

"Umodzi."

"Mukapereka lisiti la chiyani?"

"Siifuna lisiti. Timangosayina."

Anaseka. Kuseka koipa, kopanda mano. "Yodyera," anatero. "Inu yanu amailemba n'kulemba kuti yodyera."

Ndinkayembekeza kuti akana. Sanakane. Anaitsegula, anawerenga, anaiika m'chitenje.

"Ndidzakubwezerani mango akauma. Osandithokozetsa."

"Yotsalayo?"

"Gonani, achimwene. Mwatopa."

Anandiyalira mphasa m'chipinda chosungira mpunga. Sindinagone kwenikweni. Kutentha, udzudzu, ndi mkwiyo. Ndinalemba uthenga wautali wopita kwa Madamu. Ndinauwerenga. Ndinakumbuka lendi. Ndinaufufuta.

Kunja kutangoyamba kuyera ndinali nditavala kale. Wophunzira wina ankandidikira cha ku Balaka. Ndinapeza Veronika ali panja, atavala nsapato, chikwama chakuda kumsana. A Nambewe ankamukonza kolala, maso ali ofiira.

Tinayenda wapansi mpaka kumsewu. Mango aawisi anali lendelende m'mitengo yonse.

"Mukupita kuti?" ndinafunsa.

"Ku Salima. Kuli munthu amagula malaputopu."

Ndinayang'ana chikwamacho.

"Laputopuyi anandigulira amalume, asanamwalire. Ndi yakale, koma ikwanira yotsalayo. Zanga zonse ndasamutsira pa fulashi."

"Chaka chomaliza ndi cholemba kafukufuku. Mudzalembera pa chiyani?"

"Ku laibulale kuli makompyuta. Oyenda ndi anayi. Ndizidzalawirira."

"Ndikafika ku ofesi ndikalankhulanso nawo."

"Mukalankhule. Koma ndalama nditumiza lero. Sindikufuna dzina langa ligone m'faelo imeneyo."

Minibasi ya ku Salima inatulukira, nyali zikadali zoyaka. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo.

"Salima, sisi? Chikwamacho tiike kumbuyo."

"Ayi, ndinyamula."

Analowa. Anakhala pakati pa mayi wa dengu la tomato ndi bambo wa matayala a njinga. Chikwama anachiika pamiyendo, n'kuchikumbatira ndi manja onse awiri. Chitseko chinakana kutsekeka. Kondakitala anachimenya ndi phewa, galimoto n'kunyamuka.

Ine ndinawoloka msewu, kukadikira ya ku Balaka.